Chiguduli cha Kauboyi

Ine ndayenda, ana inu. Ndinayamba ndi wilibala yobwereka, lero malole anga amadutsa malire a mayiko ngati akupita kuseri kwa nyumba. Ndagonapo m'madoko momwe amalinyero amamenyana ndi unyolo, ndaonerapo nkhonya m'mabwalo akuluakulu nditakhala mpando wakutsogolo. Koma mwamuna wolimba mtima kuposa onse amene ndinawaona sanaponyepo chibakera, ndipo omwe ankamenyana nawo sanawaone n'komwe. Musaseke msanga.

Anthu ankamutcha Kauboyi chifukwa cha chipewa chachikulu chomwe sichinkachoka kumutu kwake. Anabadwa wosaona. Anayamba ndi nyimbo za kantiri, zija zodandaula za chikondi ndi maulendo, kenaka anatembenukira ku zauzimu koma kalizidwe ka gitala sanasinthe. Akatsegula pakamwa, ngakhale ogulitsa malonda panja ankasiya kuitanira. Lole yanga yoyamba ndiyo inkanyamula masipika ake, choncho zimene ndikunenazi ndinaziona ndi maso angawa.

Kauboyi ankaimba wopanda nsapato. Ena ankati ndi ulemu kwa Mulungu, koma chifukwa chenicheni chinali chiguduli. Zoimba zisanayambe, mkulu wake ankakhomera chidutswa cha chiguduli pansi, pafupi ndi pothera nsanja. Nyimbo ikamulowa, Kauboyi ankayenda kulunjika kwa anthu, ndipo mapazi akaponda pokhakhala paja ankadziwa kuti aime, kutsogolo kulibenso thabwa. Chigudulicho sichinamunamizepo.

Mkulu wakeyo ndiye ankaimba ng'oma, ndipo ankatchedwa Chipsera. Dzinali analipeza akali mnyamata. Bambo awo anali munthu wa mowa ndi ukali, ndipo tsiku lina anapeza Kauboyi ali pakhonde akuliza gitala yachitini.

"Wakhungu ndi nyimbo, mapeto ake n'kupemphetsa," anatero bambowo. "Pakhomo panga ayi."

Anaiponda gitalayo n'kutola botolo. Mkulu uja anadziponya pamwamba pa mng'ono wake, botolo n'kumuswekera pamphumi. Kuchipatala anamusoka masitichi asanu ndi awiri. Kuyambira pamenepo iye ndiye anali maso a Kauboyi. Ankamuwolotsa misewu, ankamuuza mbali yomwe kuli kapu, ndipo aliyense womuseka ankamuthira makofi.

Kumenyako ndiko kunadzamuwononga. Manja a bambo ake anamutsatira, botolo nalonso linamutsatira. Dzina la Kauboyi litakula, mawailesi n'kumaika nyimbo zake m'mawa ndi madzulo, Chipsera anayamba kuwawidwa mtima, poti pazikwangwani pankaoneka nkhope imodzi yokha, ya chipewa ija. Anamenyapo dalaivala wanga. Anaswapo kalilole m'chipinda chovalira. Kenaka Loweruka lina, gulu likuyeserera m'galaja, mtsikana woimba kiyibodi anamuuza kuti akuthamangitsa nyimbo. Chipsera anamugenda ndi ndodo ya ng'oma, mlomo wa mtsikanayo n'kung'ambika.

Kauboyi anatsamiritsa gitala kukhoma.

"Achimwene, mwamenya mwana wa eni."

"Aphunzire ulemu."

"Mawa simuimba. Simudzaimbanso mpaka mutasiya botolo ndi kumupepesa mwanayu."

Chipsera anamugwira pakolala n'kumukankhira kukhoma mpaka chipewa chinagwa.

"Iwe kundichotsa ntchito ine? Gwira apa." Anakoka dzanja la mng'ono wake n'kulikanikiza pamphumi pake. "Bala ili linali lako. Bwenzi uli kumanda, kapena pakona pamsika ndi kambale. Wandibwezera chiyani?"

"Sindinaiwale, achimwene."

"Tione ngati uyende wekha."

Tsiku lotsatira, Lamlungu masana, holo ya sukulu ina ya sekondale inadzaza mpaka m'mawindo. Munali ophunzira, makolo ndi aphunzitsi. Ng'oma anaimba munthu waganyu. Chiguduli ndinakhomera ndine, ndipo ndikunenetsa kuti ndinakhomera bwino, Kauboyi anachiponda yekha n'kuvomereza. Gawo loyamba linayenda ngati madzi.

Nthawi yopuma Chipsera anafika akununkha mowa. Alonda anamulola kukwera pansanja chifukwa ankamudziwa. Anagwada, anazula chiguduli chija n'kutsika nacho, ndipo omwe anamuona anangoti ndi ntchito yake ya masiku onse. Pambuyo pake anandiuza zomwe ankaganiza. Ankati mng'ono wake akachisowa adzaima pakati pa nyimbo, adzachita manyazi, kenaka adzaitana kuti achimwene, anthu onse akumva. Sanaganize kuti phazi lomwe silinanamizidwepo silikayika.

Kauboyi anabwerera n'kuyamba nyimbo yake yotchuka, ija ya sitima yopita kwathu kumwamba. Holo yonse inkaimba naye. Anayamba kuyenda, nkhope itayang'ana kudenga, mapazi akudikira pokhakhala. Ine ndinali kumbuyo pamasipika, ndipo pamene ndinaona thabwa lili mbee ndinakuwa, koma masipika anga omwe anameza mawu anga. Kauboyi anaponda m'malere.

Anagwera pasimenti. Gitala inasweka pansi pake, ndipo dzanja lamanzere, lija logwira nsambo, linapindika pomwe dzanja silipindika.

"Uyo, ali ndi chiguduli," anakuwa mnyamata wina.

Chipsera anali chiimire pakhomo lam'mbali, chiguduli chili m'manja, kukamwa kuli yasa. Sanathawe. Anyamata akuluakulu a pasukulupo ndiwo anayamba kumufikira, amuna ena n'kutsatira. Anamugwetsa. Ena anavula malamba, ena ankamuponda ndi nsapato m'nthiti, ena anathyola miyendo ya mipando. Mabotolo a zakumwa ankasweka paliponse. Aphunzitsi ankakuwa koma palibe ankamva. Ine, amene ndinalekanitsapo amalinyero, ndinalowerera ndi chifuwa changa chonsechi, ndipo anandiponyera kunja kwa gululo ngati thumba la thonje. Ndinaona kuti munthu afa.

Amayi awiri anali atamugwira Kauboyi kuti asasunthe. Iye anapendeketsa mutu. Pansi pa phokoso lonselo anamva kubuula komwe anakumva kale pakhonde paja ali mwana.

"Akumenya ndani?"

"Amene wakugwetsani, bambo. Mkulu wanu. Gonani, galimoto ikubwera."

Anawakankha. Anadzuka, dzanja lothyoka atalikumbatira pachifuwa, n'kuyamba kuyenda wopanda nsapato pamagalasi osweka. M'mbuyo mwake munkatsala mapazi ofiira.

"Achimwene, lankhulani ndisakuphonyeni."

"Choka," anatero Chipsera ali pansi, magazi ali m'kamwa. "Akupha."

"Lankhulanibe."

"Ndati choka, iwe wosamva."

Mawu amenewo ndiwo ankawatsata powoloka misewu moyo wake wonse, ndipo sanasochere. Anagunda misana ya anthu, anadutsa pakati pa miyendo, anapapasa mpaka anagwira mutu wa mkulu wake, n'kudziponya pamwamba pake. Mnyamata wina wamtali, taye ya sukulu ili pakhosi, anali atakweza kale botolo. Dzanja silinathe kubwerera. Botolo linaswekera pamutu pa Kauboyi.

Manja onse anaima m'mwamba. Magazi anatsika m'tsitsi, kudutsa m'maso osaona aja, n'kudontha pamalaya a Chipsera.

"Mwatopa?" anafunsa Kauboyi, mawu ake ali bata ngati akufunsa nthawi. "Ngati simunatope pitirizani, koma muyambire pamsana panga. Amene wagwa ndine. Dzanja lathyoka ndi langa. Mkwiyowu ngwanga, inu wakubwerekani ndani?"

Mnyamata wamtali uja anayang'ana khosi la botolo lomwe linatsala m'dzanja lake, analiika pansi pang'onopang'ono, n'kukhala pomwepo. Malamba anayamba kubwerera m'chiuno, eni ake osayang'anana. Omwe ankaponda aja ndiwo anandithandiza kunyamula abale awiriwo kukawagoneka m'lole, ndipo sindinayendetsepo galimoto mothamanga chonchija, ngakhale kuchipululu komwe kulibe apolisi.

Kuchipatala anawagoneka pamabedi oyandikana. Chipsera anali atathyoka nthiti, diso limodzi litatsekeka. Dokotala anati dzanja la Kauboyi lidzapola, koma ngati zala zidzathamangenso pansambo ngati kale, zimenezo sakanalonjeza. Chipsera atamva anatembenukira kukhoma. M'mawa mwake ndinabwera kudzawazonda.

"Abwana," Chipsera anandiitana motsitsa. Aka kanali koyamba kunditchula choncho osanyoza. "Mtsikana wa kiyibodi uja mumadziwa kwawo?"

"Ndimadziwa."

"Ndikatuluka mudzandiperekeze. Ndikagwade pamaso pa makolo ake. Akafuna kunditengera kupolisi, ndidzakwera ndekha. Ndikagwadenso kwa dalaivala wanu."

Kenaka anatembenuza diso lotsala lija kwa mng'ono wake.

"Iwe, bwanji sunawasiye andimalize? Ndakuthyola dzanja."

Kauboyi anapendeketsa mutu kumvetsera nsapato zomwe zinkadutsa pakati pa mabedi.

"Anamwino, dzulo munandisoka masitichi angati?"

"Asanu ndi anayi, bambo. Ndipo musagwedeze mutu."

Anatambasula dzanja lake labwino, anapapasa mpaka anapeza dzanja la mkulu wake, n'kulikokera pabandeji yam'mutu mwake.

"Gwirani apa, achimwene. Munafunsa kuti ndakubwezerani chiyani. Anu anali asanu ndi awiri, ine ndabweza asanu ndi anayi. Awiri apamwambawo musabweze, ndi chiwongoladzanja."