Nsapato za Bakha za Miracle

Miracle anali mtsikana wa ku Mfuwe. Ankakhala ndi amayi ake, a Christine. Miracle ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kupita ku nyanja ndi atate ake.

Atate ake anali a Silas. A Silas ankagwira ntchito kutali. Ankagwira ntchito pansi pa nyanja. Inde, pansi penipeni! Ankabereka botolo la mpweya kumsana. Ankavala magalasi a m'madzi. Ankatsogolera alendo kukaona nsomba.

Mango akapsa, a Silas ankabwera. Mango akatha, a Silas ankapita.

"Atate, nditengeni," Miracle ankatero.

"Chaka cha mawa, mwana wanga."

Mango ankapsanso.

"Atate, nditengeni."

"Chaka cha mawa, mwana wanga."

Kusukulu, mnyamata wina dzina lake Boyd ankamuseka.

"Iwe Miracle! Atate ako anakwatira nsomba! Ang'ono ako adzabadwa ndi mamba!"

Mumtima mwa Miracle munkawawa. Munkawawa ngati ndulu ya nsomba.

Chaka chino mango anapsa. Galimoto inaima pakhomo. Pii! Pii! Pii!

"Ndabwera!" a Silas anafuula. "Mfumu ya nyanja zonse yabwera!"

Anthu anadzaza pansi pa mtengo wa mango.

"Mwaswera bwanji, a Silas?"

"Ndaswera ngati bwana! Ine ndinayamba ndi bwato lobooka pa mtsinje wa Luangwa pano. Ndinasesa masamba m'dziwe losambiramo alendo la pa loji. Lero nsomba za kunja zimandipatsa moni!"

Anthu anaombera m'manja. Miracle anaima kumbuyo. Anadikira. Anadikirabe.

Kenaka a Silas anamuona.

"Miracle! Bwera udzaone!"

Anatulutsa nsapato ziwiri m'chikwama. Zinali zachikasu. Zinali zazitali, zatambasu ngati mapazi a bakha.

"Izi ndi zosambirira m'nyanja. Vala!"

Miracle analowetsa phazi. Phazi linakana. Anakankha. Phazi linakanabe. Chidendene chinatsala kunja.

"Aa! Phazi limeneli lakula liti?" a Silas anafunsa.

"Lakula inu muli ku nyanja," Miracle anayankha.

Anthu anaseka. Miracle sanaseke. Mumtima munawawa ngati ndulu ya nsomba.

A Silas anatsokomola pang'ono. Kenaka anakweza mawu.

"Tamverani! Mabwana atatu akundiitana. Nyanja zitatu, zonse za madzi ofunda. Madzi ozizira ine ayi. Ndine mwana wa ku Malambo kuno, kotentha! Miracle, undisankhire ndiwe."

Miracle anatchera khutu.

"Yoyamba ili ku Ijipiti," a Silas anatero. "Pansi pali munda wa miyala yofiira. Miyalayo ili ndi nthambi ngati mitengo. Akamba amauluka m'madzi ngati mbalame!"

"Basi imafikako?" Miracle anafunsa.

"Basi? Ha! Ndege, mwana wanga."

Miracle anapukusa mutu.

"Yachiwiri ili ku Indoneziya. Nsomba zake n'zambiri kuposa inswa! Zabuluu. Zachikasu. Zamizere ngati mbidzi!"

"Basi imafikako?"

"Ndege. Kenaka ndege ina. Kenaka bwato."

Miracle anapukusa mutu.

"Yachitatu ili ku Mozambiki. Kuli shaki, chinsomba cha m'nyanja, wamkulu ngati minibasi ya ku Chipata! Ali ndi madontho ngati nkhanga. Ine Silas ndinasambira naye phewa ndi phewa!"

"Basi imafikako?"

A Silas anakwinya mphuno.

"Imafika. Koma fumbi lake! Koma kugwedeza kwake!"

"Ndasankha kumeneko," Miracle anatero. "Ndipo basiyo ndikwera nawo."

"Mwana wanga, chaka cha..."

Miracle anaika nsapato za bakha pa miyendo ya atate ake.

"Chaka cha mawa phazi lidzakulanso. Inu simudzaliona."

A Silas anayang'ana nsapato. Anayang'ana phazi.

"Chabwino," anatero. "Sukulu ikatseka, tipita."

Miracle analumpha. Koma amayi ake sanalumphe.

"Atate ake Miracle, mwaiwala? Mwana ali ndi eni ake. Funsani amalume ake."

Kwawo kwa Miracle, mwana sapita ulendo wautali amalume asanalole.

Amalume ake anali a Amon, mlongo wa amayi ake. A Amon anali sikauti woteteza nyama. Anali atakhala pa mpando, akumva zonse.

"Ayi," a Amon anatero.

"Alamu, bwanji?" a Silas anafunsa.

"Mwanena nokha, alamu. Shaki ngati minibasi."

"Ameneyo sadya anthu! Amadya tizilombo ting'onoting'ono ngati ufa!"

"Ngati ufa? Posachedwa munati minibasi. Ine ndimadziwa madzi ofunda. Ng'ona imakonda madzi ofunda. Ndavuula anthu mu Luangwa umu. Ena sanadzuke. Mwana wa mlongo wanga salowa m'madzi."

"Koma ine ndine atate ake!"

"Inu mumabwera ndi mango. Mumapita ndi mango. Akadwala malungo, amamubereka ndine."

A Silas anawerama.

"Miracle," anatero motsitsa mawu, "tiyese chaka cha mawa."

Miracle anathamangira kuseri kwa nyumba. Anataya nsapato za bakha pa khola la nkhuku. Nkhuku inakwera pa nsapato imodzi. Inakhalapo bwinobwino. Nkhuku inakwana. Miracle sanakwane.

Analira. Mumtima munawawa kuposa ndulu ya nsomba.

M'mawa mwake, Miracle anapita kwa amalume. Anawapeza akumanga jombo. Ankapita kukayenda ndi alendo m'tchire.

"Amalume, alendo anu saopa mikango?"

"Amaopa kwambiri."

"Nanga m'tchire amalowa bwanji?"

"Ine ndimayenda patsogolo. Ndimayang'ana mapazi a nyama. Ndikati tiyeni, amabwera. Ndikati bwererani, amabwerera."

"Ndiye tiyeni nafe ku nyanja. Mukayende patsogolo. Mukati bwerera, ndidzabwerera."

A Amon anamanga jombo ina. Anaimanga pang'onopang'ono. Kenaka anamuyang'ana Miracle.

"Iwe mwana, pakamwa ngati atate ako."

"Mwalola, amalume?"

"Ndikangoona mchira wa ng'ona, tonse tikubwerera."

Sukulu inatseka. Anakwera minibasi onse anayi, ndi amayi omwe. Anadutsa ku Jumbe. Anafika ku Chipata. Anakwera basi ina. Analowa m'Mozambiki. Anaoloka mtsinje wa Zambezi. Fumbi linali lambiri. Kugwedeza kunali kwambiri. A Silas anadandaula njira yonse. Miracle sanadandaule ngakhale kamodzi.

Kenaka msewu unatha. Patsogolo panali madzi okhaokha. Tsidya silinkaoneka.

"Imani pomwepo," a Amon anatero.

Onse anaima.

A Amon anayenda pa mchenga. Anayenda uku. Anayenda uko. Anayang'ana pansi. Anafuna mapazi a ng'ona. Anafuna mkwaso wa mchira. Anapeza timapazi ta nkhanu basi.

Anavula jombo. Analowa m'madzi mpaka m'mawondo. Madzi anali ofunda ngati osambitsira khanda. Anayang'ana pansi.

"Ha! Ndikuona zala zanga! Luangwa sanandionetsepo zala zanga."

A Silas anawapatsa magalasi a m'madzi.

"Alamu, valani. Mfumu ya nyanja yakubwerekani."

A Amon anavala. Anaviika nkhope. Anakhala. Anakhalabe. Kenaka anadzuka, madzi ali chuchuchu.

"Alamu! Kansomba kamizere ngati mbidzi! Kodi nthawi zina mumanena zoona?"

"Nthawi zonse!" a Silas anafuula.

"Ng'ona mwaiona?" Miracle anafunsa.

A Amon anayang'ana kumanja. Anayang'ana kumanzere. Anakweza dzanja ngati ali m'tchire.

"Tiyeni."

"Dikirani kaye," a Silas anatero.

Anagwada pa mchenga. Anagwira phazi la Miracle. Analiyeza ndi chikhatho chawo. Analiyeza kawiri. Anathamangira ku nyumba ya bwana anawaitana uja. Anabwera ndi nsapato zina za bakha. Anabweranso ndi kapaipi kopumira.

Miracle analowetsa phazi. Phazi linalowa. Chidendene chinalowanso.

"Nanga botolo la mpweya, atate?"

"Chaka cha..."

"Atate ake Miracle!" amayi anadzudzula.

A Silas anadzigwira pakamwa. Kenaka anaseka.

"Botolo ndi la akulu. Udzabereka ukakula. Ndipo ine ndidzakuona ukukula. Basi ilipo. Ndizibwera ngakhale mango asanapse."

Analowa m'madzi. Amalume anali patsogolo. Atate anamugwira dzanja. Amayi anatsala pa mchenga, atagwira jombo za amalume.

Miracle anaviika nkhope. Anaona nsomba yabuluu. Anaona nsomba yachikasu. Anaona kansomba kamizere ngati mbidzi. Kansombako kanayandikira. Kanamuyang'ana m'maso.

Miracle anadzutsa mutu.

"Atate! Kandipatsa moni!"

"Kakudziwa," a Silas anatero. "Ndiwe mwana wa Silas!"

Miracle anafinya dzanja la atate ake. Anapalasa madzi ndi nsapato za bakha. Nsapatozo sizinavuke.