Nkhope ya a Lexon pa Mbale Yamkuwa

Kunyumba kwa a Lexon, kutsidya kwa mtsinje wa Lilongwe, bokosi linalibe loko. Akazi awo, Mayi Evelina, ankasiya masheleni a mtedza pawindo n'kuwapeza pomwepo madzulo. A Lexon anali mkulu wa mpingo, ndipo kwa zaka khumi ndi ziwiri ankasunga makiyi a Bwana Welbeck, mzungu wokalamba wopanga ziboliboli zamkuwa, amene kwawo ankajambula zithunzi zoika pa makobidi. Nebert, mwana wa a Lexon, atamaliza Sitandade 6, bambo akewo anakamupemphera ntchito ya ukalaliki kwa a Bharat, ogulitsa katundu wa azungu pa okushoni.

"Chikole chimene ndapereka kumeneko ndi dzina langa," anatero a Lexon. "Ndilibe lina. Manja akakuyabwa, uziwapisa m'thumba mwako."

Mu 1958, Chitaganya chili mkati, Bwana Welbeck anamwalira. A Bharat anatuma Nebert kukalemba katundu yense wa m'nyumbamo podikira katswiri wa ku Salisbury wodzatchula mitengo. Koma Nebert, mwana wa ku Lilongwe, ankadziwa mtengo umodzi wokha: wa pasikelo. Fodya amayesa pasikelo, mtedza pasikelo. Ndiye timamendulo topepuka ta mzungu uja tingakhale ta ndalama zingati?

Funso limeneli anakalifunsa pamalo polakwika. Kumsika kunali Redson wokhoma zidebe, munthu woseka ndi mano okha.

"Mbuzi imadya pomwe aimangirira, aise," anatero Redson. "Mwini wake ali m'manda. Bweretsa kamodzi, opanga zibangili amagula mkuwa."

Mawa lake Nebert anabweretsa kamendulo m'sokosi. Redson anatenga tupa n'kupala tizilembo tam'mphepete.

"Zilembo ndizo zimagwiritsa wakuba. Zikachoka, mkuwa ndi mkuwa basi."

Anamupatsa masheleni awiri. Kuyambira tsikulo Nebert ankadzidzimuka belu la njinga likalira kumbuyo kwake, koma mantha sanamuletse. Anatenga kachiwiri, kenaka kachitatu.

"Lamba watsopanoyu wachokera kuti, mwezi uli pakati?" anafunsa Mayi Evelina.

"Andipatsa a Bharat."

"Mwanawe, chosamva anachiphikira m'masamba. Ukandinamiza ine palibe kanthu, koma pali wina amene samanamizidwa."

Koma Redson anali atayamba kunyoza Nebert kuti akubweretsa zinyenyeswazi ngati mwana. Lachinayi masana, a Lexon akuthirira maluwa kuseri kwa nyumba ya malemu, Nebert anachotsa kiyi pamsomali n'kutsegula kabati ya kuchipinda. Munali chinthu cholemera, chobulungira ngati mbale, chokulungidwa m'nsalu. Sanachimasule n'komwe. Anachibisa m'jekete, nathamangira kumsika.

Redson anamasula nsaluyo kuseri kwa shedi yake. Pa mbale yamkuwayo panali nkhope ya bambo ake. Chipsera cha pachipumi chinalipo, makwinya a m'mbali mwa pakamwa analipo, ndipo maso ankaoneka ngati akumuyang'ana iye.

"Ndikachibweze," ananong'ona Nebert.

"Ubweze kuti akufunse ena aja ali kuti? Nkhope imeneyi msika wonse ukuidziwa. Ichoke, ndi zilembo zomwe." Redson anamuika tupa m'manja. "Upale wekha, kuti mawa usadzati ndi ine."

Nebert anapala. Anayamba ndi zilembo, kenaka chipumi, kenaka maso. Kulira kwa tupa kunkamulowa m'mano. Atatha, Redson anaika mbaleyo pasikelo namuwerengera masheleni anayi.

Chakudza sichiyimba ng'oma. Lolemba katswiri uja anafika. Sanafunse za sikelo. Chiboliboli chilichonse ankachitembenuza n'kufufuza pansi ndi kagalasi, akapeza zilembo za Bwana Welbeck n'kutchula mtengo. Kamendulo konga kamene Nebert anagulitsa masheleni awiri anakatchula mapaundi khumi ndi asanu. Nebert analemba mtengowo.

Kenaka katswiriyo anatulutsa kabuku kamene malemu analembamo ntchito zawo zonse, nayamba kuwerenga. A Bharat ankamasulira.

"Pakusowa mamendulo atatu. Pakusowanso chachikulu, chitsanzo cha kobidi limene silinasulidwe, chokhala ndi nkhope ya munthu wakuda. Akuti pa okushoni ya kunja chingafike mapaundi mazana awiri. Makiyi amasunga ndani?"

"Ine, bwana," anayankha a Lexon.

Sipanapite ola, apolisi awiri anatsika panjinga. Anthu anaunjikana pamsewu kudzaona mkulu wa mpingo akumangidwa. A Lexon sanakane, sanalire. Anatambasula manja, koma maso awo anali pa lamba wa mwana wawo. Nebert anazindikira kuti bambo ake adziwa, ndipo asankha kupita kundende osatchula dzina lake. Mantha a apolisi anali aakulu, koma oona bambo ake akupita kundende anaposa. Unyolo utati khwethe, anagwada pafumbi.

"Amasuleni. Ndaba ndine. Katundu ali kwa Redson kumsika."

Mamendulo anali atadulidwa kale, koma mbale anaipeza pansi pa zidebe. Katswiri anaitembenuza kawiri, nafufuza ndi kagalasi kake, kenaka anakapinda n'kukaika m'thumba.

"Akuti mtengo unali m'dzina la wopanga ndi m'nkhope," anatero a Bharat. "Zonse zachoka. Chatsala ndi cha pasikelo." Anatsegula tsamba lomaliza la kabuku. "Pali chinanso, a Lexon. Ichi sichinali chogulitsa. Malemu analemba kuti ndi chanu, kuthokoza kukhulupirika kwanu."

A Lexon analandira mbaleyo ndi manja awiri. Anasisita ndi chala pamene panali maso.

"Mwana wanga, unaba m'nyumba mwako," anatero motsitsa.

Kukhoti, Redson analamulidwa kukakhala kundende chaka. Nebert analamulidwa miyezi isanu ndi inayi, ndipo ntchito ya ukalaliki sanaipezenso kulikonse. Analapa, inde, ndipo mpingo unamulandira, koma kulapa sikubwezera mkuwa umene tupa wadya. A Lexon anakhoma mbaleyo pakhoma la pabalaza, ndipo Nebert atatuluka ankadya tsiku ndi tsiku pansi pa nkhope yopanda maso ija.

Achinyamata, musamapite ndi mafunso anu kwa a Redson a m'misika. Kuba kumayamba ndi kanthu kokwana m'sokosi, ndipo wakuba sadziwa mtengo wa chimene akuwononga. Dzina la makolo anu likapalidwa, palibe mmisiri amene angalisulenso.