Kampeni ka Wachiswe

Pamalo a zaluso a m'dera lathu panali wosema wina amene anzake ankamutcha Wachiswe, ati chifukwa wogula ziboliboli zake wokhulupirika anali chiswe basi. Luso anali nalo, tisamunamizire. Koma chiwonetsero chilichonse, zosema zake ankaziika kungodya, pafupi ndi khomo la kuchimbudzi, pomwe munthu amadutsa ali pa changu. Pakati pa holo pankakhala zithunzi za mnzake wojambula, amene anayamba naye limodzi, koma tsopano moni ankaperekera pawindo la galimoto. Zinkamuwawa zedi. Kunyumba, iye, mayi ake ndi mwana wake wamkazi onse ankadalira makina osokera a mkazi wake.

Tsiku lina masana anakalowa m'kachipinda ka mayi wina wa zitsamba, kuseri kwa okonza nsapato. Mayiyo sanadikire n'komwe kuti afotokoze.

"Kusema mumatha, bambo. Vuto lanu mumagulitsa mitengo. Anthu amagula moyo."

"Nanga moyowo ndiutenga kuti?"

"Kunyumba kwanu kulibe anthu?"

Anatulutsa kampeni kachigwiriro chakuda n'kumuuza lamulo lake. Chiwalo chilichonse chimene angaseme akuyang'ana munthu wamoyo, ogula adzachilimbirana. Koma tsiku lovundukula nsalu pachiwonetsero, mphamvu ya chiwalocho idzachoka kwa mwini wake n'kulowa mumtengo. Ndipo akadzalumpha chiwonetsero ngakhale chimodzi, kampeniko kadzasankha kokha, komanso kamakonda ana.

"Simukupha munthu," anatero mayiyo. "Mukungobwereka."

"Zidzabwerera?"

"Munaonapo wogula akubweza chinthu chokongola?"

Munthu wanzeru akanadzuka pomwepo. Wachiswe anaika kampeniko m'thumba.

Anayamba ndi mapazi a mayi ake, ong'ambika m'zidendene. Mumtima anati gogo amapita kuti, si amangokhala pakhonde? Mayi ake anakondwa, kumauza anansi kuti mwana wawo wawakumbukira. Tsiku lotsegulira, anthu anaunjikana pangodya ya kuchimbudzi ija mpaka mkulu wa malowo analamula kuti mapaziwo apite pakati pa holo. Ogula anatsala pang'ono kumenyana. Nthawi yomweyo kunyumba, gogo anagwa akuchokera kosamba, ndipo sanaimenso. Wachiswe anawagulira njinga ya olumala yonyezimira, anthu n'kumati mwana ndi ameneyu.

Chiwonetsero chotsatira anasema manja a mkazi wake akulowetsa ulusi mu singano. Manja omwe aja anamudyetsa zaka zonse za chiswe! Nsalu itavundukuka, zala za mkaziyo zinangoti lobodo, ngakhale batani osatha kumanga. Madokotala anapima n'kupima, osapeza kanthu. Ndipo mwamuna wopanda manyazi uja anamugulira makina amagetsi, ati adzagwiritsa ntchito akachira. Nyumba yatsopano inalipo, galimoto inalipo, koma mkazi ankadya mochita kudyetsedwa ndi mwana.

Kenako mkulu wa malowo analengeza chiwonetsero chatsopano cha zosema ndi zojambula, ndipo anauza Wachiswe kuti za mapazi ndi manja zakwana, anthu akufuna nkhope, makamaka maso. Kunyumba anali atatsala ndani? Mwana uja anamufunsa yekha kuti adadi, ine mudzandisema liti. Apa ndiye anachita mantha. Kulumpha sakanatha, kusema mwanayo sakanatha. Anaganiza zochenjera: mwana anamutumiza kwa azakhali ake, iye n'kutseka chipinda kuti aseme nkhope ya m'mutu mwake, yopanda mwini.

Mphuno inatheka, milomo inatheka. Maso anavuta. Aliyense wosema amadziwa kuti diso la m'mutu limatuluka ngati la nsomba, chikope sichikhala bwino usanaone chenicheni. Pakhoma panali kagalasi kosweka kamene ankadziyang'anira m'masiku aumphawi, pomwe analibe womukhalira kuti amuseme. Dzanja lili pa ntchito, khosi linkangotembenuka lokha, ngati munthu wokanda poyabwa. Kuyang'ana, kusema, kuyang'ana, kusema. Maso anatuluka amoyo, iye n'kudzitama kuti wamupusitsa mayi wa zitsamba.

Chiwonetsero chinatsegulidwa masana, dzuwa likulowera m'mawindo onse. Wachiswe anaima pakati pa holo atavala suti, mkazi wake pambali, manja ali lende. Mkulu uja anakoka nsalu, anthu n'kuwomba m'manja.

"Ndani wazimitsa magetsi?" anafunsa Wachiswe.

Anthu anaseka, poyesa nthabwala za anthu aluso. Mkazi wake yekha sanaseke. Anayang'ana maso a chosemacho, kenako manja ake, n'kukumbukira mapazi a apongozi ake.

"Bambo a mwana," anatero motsitsa mawu, "maso awa ndi anu. Ndiye manja anga munagulitsa kwa ndani?"

Mkaziyo sanadikire yankho. Anakatenga mwana wake n'kupita kwawo. Kampeni kaja sikanapezekenso m'thumba, poti wakhungu alibe nako ntchito. Galimoto ndi nyumba zinathera kuzipatala. Pano amakhala m'kachipinda kamodzi ndi mayi ake: iwo amamuuza pomwe pali khomo, iye amawabereka kupita nawo kuchimbudzi, ndipo sanawauzebe chimene chinadya mapazi awo. Nkhope ija sanaigulitse, malowo anaisunga ngati chuma chawo. Ili pakati pa holo, ikuona aliyense wolowa.

Inu amene mumawawidwa mtima mnzanu akamagulitsa, pirirani ndi chiswe chanu. Chiswe chimadya mtengo wokha. Chuma cha mankhwala chimayamba ndi anthu amene amakukondani, ndipo akatha chimatembenukira kwa inu.