Tsiku Limene Tiyi Sanaphikidwe pa Kamwala

Mtembo unali m'munsi mwa thanthwe limene alendo amaimapo pojambula zithunzi, pakati pa mizere ya tiyi. Nkhungu inali itakuta phiri lonse, moti a Festus Kalichero, wapolisi wofufuza milandu wochokera ku boma, ankangomva mawu a anthu, eni mawuwo osawaona.

Mitembo anali ataiona yambiri bambowa, koma uwu unawadabwitsa. Munthu wogwa pathanthwe amagona chopindika ngati thumba lotayidwa. Uyu anagona chagada, manja ali m'mbali, maso ndi kukamwa zotseka. Nsapato zinali pambali, zoikidwa mwaulemu, ndipo zala zazikulu za kumapazi zinali zomangidwa pamodzi ndi luzi.

"Bwana, izi ndi zamatsenga," ananong'ona a Dominiko, woyang'anira nyumba ya alendo ya Kamwala. "Phiri lino lili ndi eni ake."

"Mizimu simanga luzi, bambo. Malemuwa ndani?"

"A Rodrick Mbalame a ku Lilongwe. Anabwera Lachisanu ndi akazi awo kudzaona nkhalango ndi munda wathu wa tiyi. Dzulo madzulo anatuluka osabwerako. Tawapeza mmawa uno."

"Ali ndi achibale kuno?"

"Ayi, ndi mlendo chabe."

A Kalichero anayamba ndi mkazi wa malemu, mayi Diana, m'chipinda chodyera. Maso anali atatupa ndi kulira.

"Amuna anga anakangana ndi uja woperekeza alendo m'nkhalango," anatero. "Ndinamva ndekha akuwauza kuti, 'Mukakhudza malo aja mudzaona.' Za maloyo sindikudziwa. Rodrick za kwawo sankakamba."

Woperekeza alendoyo, Gideoni, anali bambo wadzitho, wosalankhulalankhula. Mawuwo sanawakane, koma atafunsidwa za malo aja anangoyang'ana pansi. Dzulo madzulo anali kuti? M'nkhalango. Ndi ndani? Yekha. Apolisi anamumanga unyolo n'kumukhazika m'galimoto, anthu n'kuyamba kunena kuti mlandu watha.

Koma mtima wa a Kalichero unakana. Kumanga munthu wosalakwa ndi chinthu chimene ankachiopa kuposa mfuti, ndipo Gideoni akanangolowa m'chitolokosi ndi umboni wa mayi Diana, kutulukamo kukanakhala kovuta. Wakupha mokwiya amathawa. Satsikira kuphompho kukawongola mtembo ngati mmene amachitira pamaliro a kumudzi.

Kuzizira kutawalowa m'mafupa, anapempha kapu ya tiyi. A Dominiko anakanda mutu.

"Pepani bwana, lero manyazi atigwira. Ophika athu, mayi Faines, sanakoleze moto. Akuti sangagwire poto. Chiyambire ntchito kuno sanachitepo zotere, ngakhale akudwala malungo."

A Kalichero anadzuka n'kulunjika kukhitchini.

M'khitchini munali zii, mafuwa ali ozizira. Nkhungu inkalowera pawindo n'kumayenda pansi. Pakona panakhala mayi wachikulire, osati pampando koma pasimenti penipeni, miyendo atatambasula, mapazi opanda nsapato, chitenje china atachimanga zolimba pamimba. Wapolisiyo anavula chipewa n'kunjuta pakhomo.

"Pepani ndi zovutazi, amayi," anatero motsitsa mawu.

"Zikomo," anayankha mayi Faines, kenaka anadzidzimuka n'kugwira pakamwa.

"Namfedwa saphika, amaphikiridwa. Zimenezo tonse timazidziwa. Koma andiuza kuti malemuwa alibe mbale kuno. Nanga inu mwakhalira maliro a yani?"

Mayiwo anatembenukira kukhoma. Panja mbalame ina inalira kamodzi n'kusiya.

"Gideoni ali m'galimoto, manja ali m'maunyolo," anapitiriza a Kalichero. "Tikanyamuka naye, mlandu wakupha ndi wake."

"Gideoni ndi mwana wanga wobereka ndekha, sanalakwe!" Misozi inayamba kutsika. "Rodrick ndi mlongo wanga, bere limodzi. Ndinamubereka kumbuyo ine, mayi ali kudimba. Atapita ku tawuni anatiiwala, ngakhale pamaliro a mayi sanabwere. Lachisanu nditamubweretsera tiyi, anandiyang'ana ngati khoma, n'kunena kuti, 'Ikani apo.' Pamaso pa mkazi wake! Ndinameza. Koma kenaka anauza Gideoni kuti munda wathu wa kuseri kwa phiri akufuna audzale tiyi, amangepo nyumba za alendo. M'mphepete mwake muli manda athu, bwana. Muli mayi, muli ana anga awiri."

"Ndiye dzulo?"

"Ndinamutsatira kuthanthwe kukamudandaulira. Ndinagwada. Iye anaseka, akuti mafupa sadya. Anatembenuka kuti ajambule chigwa, ine mutu unangozungulira. Ndinamukankha ndi manja awiriwa."

"Kenaka munatsikira pansi."

"Nanga ndikanatani? Maso ali tong'o, miyendo ili uku ndi uku ngati galu wogundidwa pamsewu? Ndi mwana wa mayi anga. Ndinamukonza."

A Kalichero anamva chisoni chimene sichinawagwirepo pa ntchito. Anatumiza uthenga kuti Gideoni amasulidwe, ndipo anadikira mayiwo kuti adzuke okha. Atafika pakhomo, mayi Faines anaima.

"Kumene mukunditengerako ndipita, sindivuta. Koma mukawauze alamu angawo asamuike ku tawuni pakati pa anthu achilendo. Abwere naye kwathu. Manda aja ankafuna kuwalima, koma pambali pa mayi malo ake alipo."