Waya Woyenda Wokha pa Malire

Chaka chimene maiko awiri oyandikana anagwirizana zogwetsa mpanda wa pamalire kuti nyama ziziyenda momasuka ngati kale, Kachipewa ndiye ankayang'anira nkhalango ya mbali ya kuno. Dzinalo anamupatsa anzake chifukwa chipewa sichinkachoka kumutu kwake ngakhale pakudya. Waya umene anthu ake ankamasula pamitengo ankaukulunga m'mipukutu ikuluikulu n'kuuunjika kuseri kwa ofesi, kudikira lole yodzautenga.

M'mawa wina anapeza mpukutu umodzi palibe. Atawerama kuti aone mapazi a wakubayo, anadabwa. Panalibe phazi, panalibenso mzere wa chinthu chokokedwa. Dothi lonse linali losesedwa bwinobwino, mizere ya tsache yokhotakhota ngati pabwalo la mayi waukhondo.

Nkhaniyi siinali yamasewera. Waya ukalowa m'tchire umasanduka misampha, ndipo abwana anali atanena kale kuti msampha umodzi wokha ukapezeka, mbidzi ndi ntchefu zimene zinkadikira m'khola sizidzatsekuliridwa. Kachipewa anali atazidyetsa nyamazo miyezi yambiri, mpaka ankazidziwa ndi nkhope.

Anapita kukadandaula kwa mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, yemwe ankagwira ntchito yomweyo tsidya linalo. Anthu ankamutcha Mawamawa, poti chilichonse ankati achita mawa. Iyeyo anaseka n'kunena kuti akuba onse amabadwira mbali ya kuno. Kachipewa anayankha kuti iye chimene anabapo tsidya lija ndi mkazi yekha, ndipo eni ake sanabwerepo kudzamufuna.

Koma mpukutu wina utasowa, kenako winanso, nthabwala zinayamba kuuma pakamwa. M'bandakucha, mdima usanachoke m'mitengo, nkhululu zikangokhala chete, kuchigwa kumene kunkadutsa mpanda kunkamveka kung'ung'uza kotsika, kolemera, ngati anthu ambiri akuimba atatseka pakamwa. Kunkakwera ndi mphepo n'kuzimiririka, munthu n'kumadzifunsa ngati wamvadi. Wophika wa pakampu ankanong'oneza anthu kuti ndi mizimu ya nyama zimene zinafera pawayapo, yabwera kudzatenga chimene chinazipha. Dalaivala analumbira kuti anaona mpukutu ukuyenda wokha m'chizimezime, wopanda mutu, wamiyendo yambirimbiri, ndipo kuyambira tsikulo ankagona m'galimoto atakhoma zitseko. Kachipewa akafotokoza zimenezi kunyumba, mkazi wake ankangotembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Iye ankaganiza kuti ndi mantha.

Potsiriza alamu awiriwo anagwirizana zobisala m'galimoto yakufa imene inali kuseri kwa ofesi. Anakhala mmenemo udzudzu ukuwadya, mpaka kum'mawa kutayamba kutuwa. Pamenepo kung'ung'uza kuja kunayamba, chapatali kaye, kenako pafupi, limodzi ndi kaphokoso ka udzu wouma ukuthyoka. Mithunzi yakuda inatuluka m'tchire n'kuzungulira mulu wa waya. Mpukutu unanyamuka pang'onopang'ono, n'kuima m'mwamba, n'kuyamba kuyenda. Kumbuyo kwake kunatsala mthunzi umodzi wowerama, ndipo kunamveka shwe, shwe, shwe.

"Alamu, tiyeni tidzazitsatire mawa," ananong'ona Mawamawa.

Kachipewa anamugwira pamkono n'kumukokera kunja. Anatsatira chapatali, kudutsa chigwa, kuwoloka malire, mpaka m'mphepete mwa minda ya tsidya lija. Kumeneko phokoso linakula, ngati nthaka yeniyeniyo ikulira. Mthunzi wa tsache uja unaima n'kutsokomola kawiri.

Mawamawa anaongoka. "Amayi?"

Analidi amayi ake, apongozi a Kachipewa, ali ndi amayi anzawo a m'mudzimo, mpukutu ataupachika pamtengo wautali n'kuusenza paphewa. Kutawala pang'ono, zonse zinaoneka. Waya wosowa uja unali utamangidwa kuchoka pamtengo kufika pamtengo, kuzungulira minda, ndipo pawayapo panalendewera ming'oma ya njuchi, ina italowa kale eni ake.

Apongoziwo sanaoneke amanyazi ngakhale pang'ono. Anafotokoza kuti mpanda ukachoka njovu zidzabwera, ndipo njovu imaopa njuchi kuposa mfuti. Ikakhudza wayawo ming'oma imagwedezeka, iyo n'kubwerera yokha, mbewu n'kupulumuka popanda wolasa mnzake. Anati anatuma mwana wawo Mawamawa kukapempha wayawo kuofesi, iye n'kuwauza kuti apita mawa. Zoimbazo zinali zoti mapazi aziyendera limodzi pansi pa katundu, komanso zothamangitsa mantha.

"Nanga kusesa kuja, apongozi?" anafunsa Kachipewa.

"Ndichoke pakhomo pa mkamwini wanga ndisiyepo zinyalala?"

Amayi aja anaseka mpaka ena kukhala pansi. Kachipewa anakumbukira mapewa a mkazi wake, naye n'kuyamba kuseka, misozi ikutsika, uku akuganiza mmene akawafotokozere abwana kuti lole isavutikenso kubwera.

Kusekako kunaduka pamene mayi wina analoza kuchigwa. M'nkhungu ya m'mawa munatuluka njovu yaikazi yokalamba, ya khutu long'ambika, mwana wake akutsatira m'mbuyo. Inayenda mwakachetechete mpaka pamzere pamene panali mpanda, n'kuima. Panalibe kanthu pamenepo, maenje okha a mitengo yozulidwa. Inatambasula chitamba, n'kupapasa mpweya kwa nthawi yaitali ngati ikusisita chinthu chimene anthuwo sankachiona. Kenako inakweza mwendo wakutsogolo m'mwamba kwambiri, mosamala, n'kulumpha waya womwe kunalibe. Inachita chimodzimodzi ndi miyendo yonse inayi.

Ngakhale njuchi zinakhala ngati zatsitsa mawu.

Kamwanako kanayang'ana amake modabwa, kanapukusa makutu, n'kungodutsa pomwepo kakuthamanga, kuthamangitsa gulugufe wa dziko lina.