Kambale ka Padenga la Tryness

Nkhaniyi anandiuza ndi Eneless, Lamulungu lapitali tikuchokera kutchalitchi ku Zengeza 1. Ndi ya mng'ono wake Tryness, amene amakhala naye nyumba imodzi ku Unit N.

Tryness anakumana ndi Nigel podikira kombi, minibasi ya kuno. Tryness anali pa foni ndi mayi ake, akuwauza kuti wapeza ntchito yoyankha mafoni a kampani ya kunja ali pakhomo, koma abwana akufuna intaneti yothamanga. Mnyamata amene anaima pambali, waya wokulunga ali paphewa, anaseka.

"Pepani achemwali, ndamva zonse. Agogo anga anali a ku Dedza. Intanetiyo ndiye ntchito yanga."

Anyamata ambiri a kuno ukawalankhula Chichewa amakuyankha m'Chishona. Uyu sanatero, ndipo Tryness anakopeka pompo.

Sabata isanathe Nigel anali padenga. Anamanga zonse, kenako anawonjezera kambale kakang'ono koyera, koloza kuseri kwa msewu. Eneless atafunsa kuti kameneko n'kachiyani, iye anati n'kolimbitsa netiweki, ndipo wangowapatsa ulere chifukwa cha chikondi.

Atatsika anatsegula tsamba loyezera sipidi pa laputopu. Kamuvi kanakwera mpaka kumapeto.

"Waona, duwa langa? Munthu amanama, koma kamuvi aka sikanama. Ine ndili ngati kameneka."

Tryness anajambula, anatumiza kwa abwana, ntchito inayamba. Chikondi nacho chinayamba. M'mawa uliwonse meseji inkabwera yomutchula mudiwa, kutanthauza wokondedwa m'Chishona: "Wadzuka bwanji mudiwa? Mtima wanga uli pa netiweki yako yokha." Ananenanso kuti Khirisimasi ikafika atuma amalume ake kudzaonekera kwa makolo.

Koma masana, ana akangoweruka kusukulu, mafoni ankayamba kuduka. Kasitomala akulankhula, mawu amangoti zii. Tryness ankayeza yekha, kamuvi n'kumakwawa pansi. Akamuimbira Nigel, iye ankabwera, n'kuima pageti kaye akulemba pa foni, kenako n'kulowa n'kuyeza. Kamuvi kuja kumapeto!

"Nanga vuto lili pati, mwana iwe? Si iyi? Mwina umadina molakwika."

Tryness ankachita manyazi. Angatsutse bwanji chinthu chimene akuchiona ndi maso ake? Ankatumiza chithunzi chabwinocho kuntchito. Abwana anayamba kunena kuti ngati intaneti ili bwino chonchi, ndiye kuti iyeyo ndi amene amadula dala mafoni a makasitomala ovuta. Anamuchenjeza. Nigel anamupukuta misozi n'kumuuza kuti asaope, akamuchotsa iye amusamala mpaka kufa.

Anamuchotsadi.

Tsiku lotsatira madzi kunalibe, monga mwa masiku onse. Tryness ndi Eneless anatenga zigubu kupita kukatunga pamjigo, pamene kuno timati pachibhorani. Pamzere patsogolo pawo panali mayi wina woyembekezera, dzina lake Sharleen, amene anasamukira kuseri kwa msewu miyezi ingapo yapitayo kuchokera ku Unit G. Ankauza anzake m'Chishona kuti kwawo wayifayi salipira. Bambo wa mimbayo ndi amene amamanga intaneti m'manyumba. Ana a m'nyumba yonse amaonera makatuni, iye mafilimu, ndipo anzake onse ochita nawo lendi panyumbapo anawapatsa pasiwedi.

Mayi wina anafunsa ngati siivuta. Sharleen anati vuto ndi limodzi, nthawi zina bamboyo amatumiza meseji kuti azimitse zonse. Anatulutsa foni akuseka, n'kuwerenga mokweza kuti onse amve.

"Duwa langa, zimitsa TV ndi mafoni onse pang'ono. Ndili kwa kasitomala uja wovuta, ndikufuna kuyeza."

Eneless akuti anaona chigubu chikugwa m'manja mwa mng'ono wake. Tryness anapempha kuti aone foniyo. Chithunzi cha wotumiza chinali cha Nigel, atavala shati imene Tryness anamugulira pa malipiro ake oyamba.

 Tryness anasiya zigubu pamzere, anabwerera kunyumba, anaima pabwalo n'kuyang'ana kumene kambale kaja kanaloza. Patsidya, padenga la nyumba ya Sharleen, panali kambale kena kofanana nako, koyang'ana kwa iwo.

Madzulo ake anamuitana Nigel kuti intaneti yavutanso. Anabwera, anaima pageti, anatulutsa foni.

"Usamuvutitse Sharleen," anatero Tryness ali pakhomo. "Musiye amalize filimu yake. Lowa uyeze chonchi."

Nigel anayesa kuseka. Anati Sharleen ndi nkhani yakale, mimbayo inali ngozi chabe, ndipo intaneti yogawana siithera munthu.

"Ntchito yanga yatha, Nigel."

"Upeza ina, mudiwa. Usakwiye chifukwa cha waya."

"Unkandiuza kuti ndimadina molakwika. Ndinkalira pamaso pako, iwe ukudziwa. Kasitomala wovuta ndine?"

 Apa munthu uja amene ankakoma ndi Chichewa cha agogo ake anatembenukira ku Chishona, n'kunena kuti akazi a masiku ano sayamika. Anatuluka osatseka geti.

Ndinamufunsa Eneless kuti Tryness ali bwanji pano. Anati amadya pang'ono, amagona kwambiri. Nthawi zina amatsegula laputopu n'kudina poyezera paja. Tsopano kamuvi kamakwera mpaka kumapeto, m'mawa ndi masana omwe. Amangokayang'ana, n'kutseka. Atumiza kwa ndani?

"Nanga kambale kaja?" ndinafunsa.

"Madzulo omwewo ndinabwereka makwerero kwa aneba, ndinakwera ndekha ndi siketi yangayi, ndinakazula," anatero Eneless. "Ndinapita nako kuseri kwa msewu. Ndinapeza ana ali pakhonde akulira kuti makatuni aima, Nigel atakhala pampando. Ndinakaika pamiyendo pake, ndinamupatsa moni Sharleen chifukwa iye sanatilakwire, kenako ndinabwerera pachibhorani kukatenga zigubu zathu."