Mlatho Womwe Sunamwe Madzi

M'nyumba ya kalipentala uja munkanunkhira utuchi ndi sopo. Ndagonamo m'nyumba zambiri pa maulendo angawa, koma zotere masiku ano zikusowa. Mipando yonse anapala okha bambo, nsalu ya patebulo anasoka mayi, ndipo palibe ankagwira mbale asanapemphere. Anali ndi mwana mmodzi wamwamuna amene mudzi wonse unkamutcha Liwiro, poti ali wamng'ono ukamutuma ankabwerako iwe usanakhale n'komwe pansi.

Kumunsi kwa mudziwo kunali mtsinje. Chipatala ndi msika zinali kutsidya, ndipo mvula ikagwa anthu ankangoima m'mphepete n'kumayang'ana madzi. Anapempha mlatho kwa zaka zambiri, mpaka ena mwa opemphawo anatsikira kumanda. Kenaka chaka china boma linaukumbukira mudziwo pogawa thumba la chitukuko cha kumidzi. Kunabwera malole a miyala, zitsulo ndi simenti. Bambo aja anapatsidwa ntchito yokhoma matabwa othiramo konkire, ndipo Liwiro, yemwe anali atangomaliza sukulu, analembedwa yokankha wilibala.

Tsiku lomwe anamaliza kuthira konkire wa pamwamba, kapitawo anamuitana.

"Ife tikukayamba mlatho wina kutsogoloku. Iwe ntchito yako ndi imodzi. Masaka tayala pamwambawa asaume. M'mawa, masana, madzulo, uzithira madzi mpaka ndidzanene ndine kuti basi. Konkire akauma ndi ludzu amaoneka mwala kunjaku, m'kati muli fumbi lokhalokha. Wamva?"

"Ndamva, bwana."

Bambo ake anamusisita paphewa. "Anasankha iwe pakati pa anyamata onsewa. Usandichititse manyazi."

Inali nyengo yotentha. Mtsinje unali utaphwa, madzi ankatunga padziwe lakumunsi n'kukwera nawo chitunda. Masiku oyamba Liwiro anathirira mokhulupirika, mapewa mpaka kusupuka.

Pafupi ndi mlathowo panali chisakasa cha malata akale. Mwini wake anali munthu wotsatira misasa ya antchito, kugulitsa mowa kulikonse kumene boma likumanga kanthu. Sankavula magalasi akuda, choncho ankangomutcha Wamagalasi.

"Achimwene!" anakuwa tsiku lina. "Kodi mwadzala chiyani pamenepo? Chikamera mudzatigawireko mbewu!"

Amene ankamwa m'chisakasamo anafa nalo phwete.

"Ndi ntchito, akulu," anatero Liwiro.

"Ntchito yothirira mwala? Munthu wasukulu ngati iwe? Ine milatho ndaiona yambiri, mphwanga. Konkire akagona kawiri, watha. Zinazi n'zongokuzunzani anthu akumudzi. Tabwera ukhale pamthunzi, loyambali ndakugulira ine."

Botolo linali lozizira. Wailesi inkaimba. Dzuwa linapendeka Liwiro asanagwirenso ndowa.

Mawa lake anathirira m'mawa mokha. Mkuja wake sanathirire n'komwe. Kapitawo ankabwera mwa apo ndi apo pa njinga yamoto, ndipo kulira kwake kunkamveka ikadali kuseri kwa phiri. Apa mpamene miyendo ija inagwira ntchito. Liwiro ankadumpha pabenchi, kuthamangira kudziwe, kuwaza madzi pamwamba pa masaka, ndipo njinga ikamaima iye ali chilili ndi ndowa m'manja, thukuta lili kamukamu.

"Mnyamata uyu ndi wolimbikira," ankatero kapitawo, osatsika n'komwe panjingapo.

Oyamba kuzindikira anali mayi ake.

"Iwe, munthu wothirira mlatho amabwera kunyumba thalauza lili gwa, louma chonchi?"

"Limauma m'njira, amayi. Dzuwali simukuliona?"

"Nanga m'kamwamo mukununkha dzuwanso? Mwanawe, pamlathopo padzadutsa amayi apakati. Padzadutsa ana. Si mlatho wa boma umenewo, boma silidzawolokapo. Ndi wathu."

Liwiro anangotuluka, chitseko n'kumenyetsa.

Bambo ake atamva, ananena modekha. "Mawa masana ndidzabwera ndidzavundukule masakawo ndekha. Ndikadzapeza ming'alu, ndidzakauza kapitawo, ngakhale uli mwana wanga. Bola augumule amangenso kusiyana n'kuti uphe munthu."

M'mamawa Liwiro anathamangira kumlatho n'kutukula saka limodzi. Linali louma ngati chikopa. Pansi pake konkire anali mbuu, timing'alu tili paliponse ngati ukonde wa kangaude. Atakanda ndi msomali, panatuluka fumbi. Anathamangira kuchisakasa n'kumuuza Wamagalasi zonse.

"Ndiye ukunjenjemera chiyani?" anafunsa Wamagalasi. "Nkhalamba ikadzola mafuta makwinya amabisala. Mosungira zipangizomo mwatsala simenti. Sungunula, upake pamwamba, uthire madzi. Madala akowo ali ndi maso oona m'kati mwa mwala?"

Liwiro anachitadi zomwezo.

Masana bambo aja anabwera. Anatukula saka ili, natukula ilo, nasisita ndi chikhatho. Ponse panali posalala, ponyowa bwino. Anaimirira n'kuvula chipewa.

"Mwana wanga, ndakuganizira zoipa. Undikhululukire."

Apa mpamene Liwiro akanalankhula. Koma anayang'ana kuchisakasa, Wamagalasi n'kumukwezera botolo, ndipo iye anangoti, "Palibe kanthu, bambo."

Mlatho unatsegulidwa ndi nyimbo ndi zolankhula. Wamagalasi anali atapasula kale chisakasa chake, kutsatira msasa wina. Njinga zinkawoloka, ngolo zinkawoloka, ndipo Liwiro anayamba kudziuza kuti mwina munthu uja ankanena zoona.

Mvula itayamba, thumba la chitukuko lomwe lija linapatsa kalipentala ntchito ina, yokhoma madesiki a sukulu yatsopano ya kutsidya. Atamaliza, kunabwera lole yaikulu kudzanyamula. Inali itadzaza kale njerwa, madesiki anangosanjika pamwamba. Dalaivala atafika pamlatho anaima, nasuzumira pawindo.

"Madala, kamlatho kanuka kapirira katundu yenseyu?"

"Pita, mwanawe," anayankha bambo aja ali pamwamba pa katundu, atagwira chingwe. "Matabwa ndinakhoma ine, anathirira ndi mwana wanga. Ndinaona ndi maso angawa."

Lole itafika pakati, panamveka kulira ngati mtengo waukulu ukuthyoka. Mlatho unapindika, lole n'kugwera cham'mbali m'madzi. Dalaivala anatuluka ndi mwendo wothyoka. Bambo aja anawapeza pansi pa njerwa ndi madesiki awo omwe, msana utathyoka. Anawawolotsa pa chitseko, amuna atamira mpaka m'chifuwa, monga ankachitira kale mlatho kulibe.

Kuchipatala anatsegula maso, napeza mwana wawo atagwada pambali pa bedi.

"Ndiuze chinthu chimodzi," ananong'ona. "Unkathirira?"

Liwiro anagwira chitsulo cha bedi, misozi ili chuchuchu. "Ayi, bambo. Ndinangopaka pamwamba."

"Ndiye ndinakuvulira chipewa," anatero bambowo, natembenuzira nkhope kukhoma. Sanalankhulenso mpaka anamwalira.

Akuluakulu a boma anabwera, nagogoda konkire ndi nyundo, konkireyo n'kumangoyoyoka ngati dothi. Anthu atafunsa za mlatho wina, mkulu wawo anapukusa mutu. "Gawo lanu munalandira. Midzi yodikira ilipo yambiri, ina sinaonepo n'kamodzi komwe. Mubwerere kumapeto kwa mzere."

Liwiro sanamangidwe, mlandu unagwera kapitawo. Koma m'mudzimo palibe ankamuyankha moni. Mayi ake ankamuikira chakudya patebulo n'kukadyera kukhitchini. Tsiku lina ananyamula kachikwama, nachoka. Ndinakumana naye patapita zaka, akuswa miyala m'mbali mwa msewu wina kutali, mowa utamufooketsa. Kwawo sanabwerereko, ndipo mlatho kulibe mpaka lero.

Inu achinyamata, tchimo silimafika ndi nkhope yoopsa. Limabwera ngati mthunzi, botolo lozizira ndi mnzako wokuuza kuti palibe akuona. Ntchito imene mwapatsidwa, ingachepe bwanji, pali moyo wa munthu umene watsamirapo. Mukalakwa, nenani nthawi ikadalipo. Ulesi ungathe kukonzeka, koma ulesi wopakidwa bodza pamwamba umapha, ndipo suyamba ndi mlendo, umayamba ndi amene anakukhulupirirani.